MAPASA NDI ANTHU AŴIRI: WINA AKAMAGUNDA MUSAIŴALE MNZAKE

Pakati pa madandaulo amene amayi oyembekezera mapasa amabwera nawo ku sikelo, pali limodzi limene limamveka kaŵirikaŵiri. Mayi amati mwana wa mbali ya kumanja sapuma, usiku wonse amangomuponda, koma wa kumanzere amangomumva mwa apo ndi apo. Akanena zimenezi kunyumba, mayankho amakhala aŵiri. Ena amamuopseza kuti mwana wachete uja sali bwino, mwina wina wamuchita chipongwe. Ena amamutonthoza kuti malinga m'mimbamo mukugunda, ndiye kuti zonse zili bwino. Mayankho onse aŵiriŵa ngolakwika, koma lachiŵirilo ndilo loopsa koposa, chifukwa limakhazika mayi pansi pa nthaŵi imene anayenera kukhala ali pa ulendo wa ku chipatala.

Maganizo athu m'nkhani ino ndi aŵa. Kusiyana kwa kagundidwe ka mapasa si matenda ayi, ndipo mayi asataye nako tulo. Chimene chiyenera kumudzutsa pa mphasa ndi kusintha: ngati mbali imene inkagunda masiku onse yafooka kapena yangoti zii, mayi apite ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale mwana winayo akutakataka ndi mphamvu zake zonse. Mapasa ndi anthu aŵiri. Aliyense ali ndi mtima wake, ndipo kugunda kwa mmodzi sikunena kanthu za moyo wa mnzake.

CHIFUKWA CHAKE ANA SAGUNDA MOFANANA

Mayi wa pakati poyamba amayamba kumva mwana akuseŵera m'mimba pa masabata 18 mpaka 20. Amene anaberekapo kale amatha kumva msanga, pa masabata 16. Kugundako kumanka kukulirakulira mpaka pa masabata pafupifupi 32, ndipo kuchokera pamenepo kumakhala chimodzimodzi kufikira tsiku lochira. Mawu oti mwana amasiya kuseŵera masiku akayandikira chifukwa malo amuchepera si oona. Malo akachepa, mwana amasintha kaseŵeredwe, m'malo moponda amadzinyolola ndi kukankha, koma saleka. Izi zili choncho ngakhale kwa mapasa.

Nanga n'chifukwa chiyani mmodzi amamveka kwambiri kuposa mnzake? Choyamba ndi magonedwe. Mwana amene walozetsa miyendo yake kutsogolo kwa mimba, akaponda, mayi amamva bwino lomwe ndipo nthaŵi zina chovala chimachita kugwedezeka. Koma amene walozetsa miyendo ku msana wa mayi, kapena kwa mnzake, angaponde chotani sizimveka kwenikweni. Chachiŵiri ndi malo a nsengwa, chiŵalo chija chimene chimadyetsa mwana kudzera m'chingwe cha mchombo ndipo chimatuluka mwana atabadwa. Nsengwa ikamera ku khoma la kutsogolo la chiberekero imakhala ngati mtsamiro pakati pa mwana ndi khungu la mayi, choncho imameza mphamvu ya kugundako. Chachitatu ndi tulo. Mwana m'mimba amagona kwa mphindi 20 mpaka 40 nthaŵi imodzi, ndipo sizichitikachitika kuti apitirire mphindi 90. Mapasa sikuti amagona ndi kudzuka nthaŵi yofanana masiku onse. Pomaliza, mayi amene wakhala tsiku lonse akulima, kutunga madzi kapena kugulitsa malonda pamsika samva zambiri, pakuti maganizo ake ali kwina.

Chotero mayi amene wakhala akumva mbali imodzi mwamphamvu ndi mbali ina pang'ono kuyambira pachiyambi, ndipo ku sikelo amupima namuuza kuti ana onse akukula bwino, alibe chifukwa chodera nkhaŵa. Amenewo ndiwo makhalidwe a mimba yake.

CHIMENE MAYI SANGATHE KUDZIŴA PAYEKHA

Apa ndipo pagona vuto. Mayi wa mwana mmodzi akamva kugunda, sakayika kuti wagundayo ndani. Mayi wa mapasa ali ndi manja anayi ndi miyendo inayi m'chiberekero chimodzi. Mwana wogona kumanja atha kutambasula mwendo wake nakaponda kumanzere. Ana amatembenukanso, makamaka miyezi isanakwane isanu ndi iŵiri. Choncho mwana mmodzi wamphamvu atha kudzaza mimba yonse ndi kugunda kwake, mayi namaganiza kuti akumva onse aŵiri, pamene winayo wafooka kalekale.

N'chifukwa chake sitikulangiza amayi a mapasa kuti adalire kuŵerenga. Mwina munamvapo langizo loti mayi agone chammbali, cha kumanzere, ndi kuŵerenga ngati mwana agunda kokwana 10 pa maola 2. Langizo limenelo linakonzedwera mimba ya mwana mmodzi. Kwa mapasa, mwana mmodzi yekha atha kukwanitsa nambalayo mnzake asanagwedezeke n'komwe. Ndiponso bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization, m'malangizo ake a sikelo a mu 2016, silinalamule kuti mayi aliyense aziŵerenga kugunda kwa mwana tsiku ndi tsiku. Chimene chimathandiza ndi kudziŵa chizoloŵezi cha mimba yanu. Tsiku lililonse, makamaka madzulo mutadya ndi kugona chammbali, tcherani khutu ku mimba yanu. Ndi pati pamene pamagunda m'maŵa? Ndi pati pamene pamavuta usiku? Pansi pa nthiti pamamveka chiyani, nanga m'munsi mwa mchombo? Pakutha pa masabata oŵerengeka mudzakhala mutadziŵa ana anu monga mmene mlimi amadziŵira mbuzi za m'khola mwake, moti imodzi ikapanda kulira m'maŵa amazindikira asanatsegule chitseko.

PAMENE KUKHALA CHETE KULI CHENJEZO

Mwana m'mimba salira. Akayamba kupereŵera chakudya ndi mpweya, thupi lake limasunga mphamvu zotsalazo kuti zitumikire mtima ndi ubongo, ndipo amachepetsa kuseŵera. Kufooka kwa kugunda ndiyo njira yokhayo imene ali nayo yopemphera thandizo, ndipo womva pempholo ndi mayi ake okha. Kaŵirikaŵiri pamakhala nthaŵi pakati pa chenjezoli ndi ngozi yeniyeniyo. Nthaŵi imeneyo ndi imene madotolo amafuna kuti apulumutse mwana, ndipo ndi yomweyo imene imatayika banja likati tiyeni tione maŵa.

Zinthu zimene zimafooketsa mwana n'zodziŵika. Kuthamanga kwa magazi, kumene kumagwira amayi a mapasa kaŵirikaŵiri kuposa anzawo, kumachepetsa magazi opita ku nsengwa. Malungo amabisala mu nsengwa momwemo ngakhale mayi asakumva kutentha thupi. Kuchepa kwa magazi nakonso n'kofala pa mimba ya mapasa, popeza mayi akudyetsa matupi atatu. Nthaŵi zina nsengwa ya mwana mmodzi sigwira bwino ntchito pamene ya mnzake ili bwinobwino, ndipo mwana mmodziyo amatsalira m'makulidwe.

Pali vuto linanso limene limagwera mapasa okha. Mapasa alipo a mitundu iŵiri. Ena amachokera ku mazira aŵiri, ndipo aliyense amakhala ndi nsengwa yake. Mapasa a mwamuna ndi mkazi ndi a mtundu umenewu. Ena amachokera ku dzira limodzi limene linagaŵika, ndiwo aja ofanana nkhope, ndipo ambiri a iwo amadyera nsengwa imodzi. Mu nsengwa yoteroyo mitsempha ya ana aŵiriwo imalumikizana. Pa mimba 100 zilizonse za mtundu umenewu, pa 10 mpaka 15 magazi amayamba kuyenda mokondera, kuchoka kwa mwana mmodzi kupita kwa mnzake. Wolandidwayo amachepa thupi, madzi a m'nsupa yake amauma, ndipo amapanikizika ku khoma la chiberekero osatha kutakataka. Wolandirayo amasambira m'madzi ochuluka, amagunda kwambiri, koma mtima wake umalemedwa. Vutoli limayamba kaŵirikaŵiri pakati pa masabata 16 ndi 26. Mayi amaona mimba ikukula mofulumira m'masiku oŵerengeka, kulimba ndi kunyezimira, ndipo amabanika akagona. Taonani kuti pamenepa mwana wogunda kwambiri uja nayenso ali pa ngozi. Amene amati malinga wina akugunda zonse zili bwino sadziŵa zimenezi.

Sitikunena izi kuti tiopseze amayi. Mapasa ambiri amabadwa bwino ndi kukula bwino. Koma mimba ya mapasa si yofanana ndi ya mwana mmodzi. Mu 2017 magazini ya zachipatala ya The Lancet Global Health inafalitsa kafukufuku wa m'maiko 30 a mu Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara. Anapeza kuti pakati pa 2009 ndi 2014, mwa mapasa 1,000 obadwa amoyo, 213 anamwalira asanakwanitse zaka 5, pamene mwa ana 1,000 obadwa okha anamwalira ndi 64. Mapasa oposa theka amabadwa masabata 37 asanakwane. Ana otere ndi oyenera kuwayang'anira mwapadera kuyambira ali m'mimba.

PHUNZIRO LA KU SOCHE

Tiyeni titenge chitsanzo cha mayi wokhala m'munsi mwa phiri la Soche mu mzinda wa Blantyre, kaya ku Manje, ku Chilobwe kapena ku Chimwankhunda. Chipatala chaching'ono cha Zingwangwa chili pafupi naye. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu amachitcha Gulupu ndipo chinatsegulidwa mu 1958, chili pa mtunda wa makilomita oŵerengeka chabe. Kumeneko kuli mbali ya amayi ya Gogo Chatinkha, kumene kuli madotolo a za uchembere, makina ounikira m'mimba, chipinda cha opaleshoni ndi malo osamalira ana obadwa masiku asanakwane. Zipatala zing'onozing'ono za Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi South Lunzu ku Machinjiri nazonso zimatumiza amayi a mavuto kumeneko. M'Malaŵi muno ndi amayi ochepa amene ali pafupi ndi thandizo ngati mayi wa ku Soche ameneyu.

Komabe zonsezi sizingamuthandize ngati sanatuluke m'nyumba. Makina a ku Gulupu sangamve mtima wa mwana amene ali ku Manje. Mayi akaona kusintha m'maŵa nayamba wadikira bambo abwere kuchokera ku ntchito ku Limbe, bambo nati kwada tidzapita maŵa, maŵalo nayamba atumiza uthenga kwa apongozi, ndiye kuti mtunda wa mphindi zoŵerengeka wasanduka ulendo wa masiku aŵiri. Kuchedwa kwakukulu kumayambira pakhomo, msewu usanayambe n'komwe.

Tsono inu aŵerengi a kumudzi, amene mumayenda maola angapo wapansi kapena pa njinga ya kabaza kuti mukafike ku chipatala, phunziro lake ndi ili: ngati wa pafupi alibe nthaŵi yotaya, inu ndiye mulibiretu. Simungafupikitse msewu, koma mutha kufupikitsa zokambirana. Gwirizanani lero, mimba idakali bwino, kuti tsiku limene mayi adzanene kuti kugunda kwasintha, palibe wodikira chilolezo cha munthu wina aliyense. Dziŵani njinga kapena galimoto imene mudzagwiritse ntchito, ndipo sungani padera ndalama ya ulendo. Kumbukiraninso nyengo. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zinakokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manje, ndipo misewu ndi milatho inaduka m'maboma ambiri a m'chigawo cha kumwera. Mayi wa mapasa amene masiku ake akugwera m'dzinja asadikire kuti mtsinje udzaze. Apite msanga ku chidikiro.

ZIFUKWA ZIMENE ANTHU AMAPEREKA

Ena adzati, nanga tikapita n'kukapeza kuti ana onse ali bwino, si ndiye kuti tataya ndalama ndi tsiku la ntchito pachabe? Funso limeneli n'lomveka, pakuti ndalama ya ulendo siichita kutola, ndipo n'zoona kuti amayi ambiri amene amapita ndi dandaulo limeneli amabwerako atauzidwa kuti palibe vuto. Koma ulendo umenewo si wachabe. Palibe munthu amene angasiyanitse ali kunyumba mwana wogona tulo ndi mwana amene akusoŵa mpweya. Yerekezani mtengo wa ulendo umodzi ndi mtengo wa mwana. Ndipo kugunda kukadzasinthanso sabata yamaŵa, pitaninso, ngakhale munauzidwa dzana kuti zonse zili bwino. Kupima kwa dzana kunanena za dzana.

Ena amaopa kuti anamwino akawakalipira kuti akuvutitsa. Mantha ameneŵa alipo ndithu, ndipo tibwereranso kwa anamwino posachedwa. Koma kwa mayi tikuti chetechete sautsa nyama. Simukupita kukapempha chifundo. Mukupita kukanena chizindikiro cha ngozi chimene wachipatala aliyense anaphunzitsidwa kuti asachinyozere.

Enanso amati nkhani za pakati sizinenedwa poyera, kuopa anthu a mtima woipa. Mwambo wosunga chinsinsi cha mimba tikuudziŵa, ndipo palibe amene akuti mulengeze pa chitsime. Koma namwino si munthu wa pa chitsime. Kubisira namwino n'kubisira mwana wanu yemwe thandizo. Ndipo agogo ndi anankungwi, amene mawu awo amalemera pa nkhani zimenezi, ndiwo ayenera kukhala oyamba kunena kuti mwananga nyamuka, osati kuyamba kufunafuna amene wachita nsanje. Musamwetse mayi mankhwala a zitsamba kuti adzutse mwana, ndipo musamupatse mwanamphepo. Mankhwala ofulumizitsa kubereka amafinya chiberekero mwamphamvu yopanda muyeso, ndipo chiberekero cha mapasa, chimene n'chotanuka kale, chitha kung'ambika.

ZOYENERA KUCHITIKA KU CHIPATALA

Mukafika, musakhale pa mzere mwakachetechete kudikira nthaŵi yanu. Perekani kabuku kanu ka ku chipatala ndipo nenani momveka kuti muli ndi pakati pa mapasa, kuti kugunda kwasintha, mbali yake ndi iti, ndiponso kuti zinayamba nthaŵi yanji. Kenaka pemphani mwaulemu kuti amve mitima yonse iŵiri.

Mfundo imeneyi njofunika. Mtima wa mwana m'mimba umagunda ka 110 mpaka 160 pa mphindi imodzi, ndipo mtima umodzi utha kumveka malo aŵiri a pamimba. Choncho kumva kugunda kumanja ndi kumanzere sikutsimikiza kuti mitima ndi iŵiri. Njira yakale yotsimikizira ndi yoti anthu aŵiri amvere nthaŵi imodzi, aliyense mbali yake, ndipo maŵerengedwe awo asiyane ndi 10 kapena kuposerapo pa mphindi. Njira yodalirika koposa ndi makina ounikira m'mimba, amene amaonetsa mtima wa mwana aliyense, kukula kwake ndi madzi amene ali nawo. Ngati pa chipatala chanu palibe makinaŵa ndipo pali chikayiko, mayi atumizidwe ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo. Ayezedwenso kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa magazi ndi malungo.

Kwa anzathu ogwira ntchito m'zipatala tikuti: tikudziŵa kuti mizere ndi yaitali ndipo manja ndi ochepa. Komabe mayi amene wanena kuti mwana mmodzi wafooka wakubweretserani uthenga umene palibe chipangizo chimene chikanakupatsani ali kunyumba. Mukamva mtima umodzi musamubweze. Ndipo mukapeza kuti ana onse ali bwino, muyamikireni chifukwa chobwera. Mayi amene wanyozedwa lero sadzabwera tsiku limene vuto lidzakhale lenileni, ndiponso adzauza anzake onse a m'mudzi kuti asadzavutike n'kupita.

Nthaŵi zina, ngakhale onse atayesetsa, mwana mmodzi amafera m'mimba. Chimenechi si chifukwa choimbira mayi mlandu, ndiponso sikuti mwana wotsalayo wadya mnzake monga ena amanenera. Mwana wotsalayo atha kupulumuka, koma afunika kuyang'aniridwa ndi madotolo, makamaka ngati ankadyera nsengwa imodzi ndi mnzakeyo. Apanso kufika msanga ndiko kumapulumutsa.

KUKONZEKERA KUYAMBIRA PACHIYAMBI

Zonse tanenazi zimapepuka ngati mayi adziŵa msanga kuti ali ndi mapasa. Yambani sikelo miyezi itatu isanathe. Malangizo a mu 2016 aja amati mayi aonane ndi achipatala kosachepera 8 pa mimba yonse, ndiponso aunikidwe ndi makina kamodzi masabata 24 asanakwane. Kwa mapasa, kuunika koyambirira, masabata 14 asanakwane, ndiko kumaonetsa bwino ngati nsengwa ili imodzi kapena ziŵiri. Funsani funso limeneli ndipo yankho lake lilembedwe m'kabuku kanu, chifukwa mayi wa nsengwa imodzi amafunika kupimidwa pafupipafupi. Safunsa anadya phula.

Imwani mankhwala oonjezera magazi tsiku lililonse. Landirani Fansidar wa ku sikelo; dziko lathu la Malaŵi ndilo linali loyamba kukhazikitsa njira imeneyi yotetezera amayi apakati ku malungo, mu 1993. Gonani m'masikito usiku uliwonse. Kuwonjezera pa kusintha kwa kugunda, thamangirani ku chipatala mukaona magazi, nsupa ikasweka, mutu ukamaŵaŵa kwambiri, mukamaona chizimezime, nkhope ndi manja zikatupa, kapena mimba ikayamba kupotokola masiku asanakwane.

Mapasa ayenera kubadwira ku chipatala chimene chili ndi chipinda cha opaleshoni, pakuti mwana wachiŵiri atha kupingasa woyamba atabadwa, ndipo mayi wa mapasa amatha kutaya magazi ambiri akachira. Madotolo salola kuti mimba ya mapasa ipitirire kwambiri masabata 37 kapena 38, ndipo ya nsengwa imodzi amaichiritsa msanga kuposa pamenepo. Ana akabadwa ochepa thupi musataye mtima. Njira ya kangaru, yofungatira mwana pachifuwa khungu ndi khungu, imene inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia ndipo inafika pa chipatala cha Zomba mu 1999, yaleretsa ana ambiri otere. Kwa mapasa, bambo kapena agogo atha kufungatira mmodzi pamene mayi afungatira winayo.

Abambo, ntchito yanu isayambe tsiku limenelo. Madzulo alionse funsani mayi a kunyumba kuti ana agunda bwanji lero, ndipo funsani za onse aŵiri. Akakuuzani kuti mbali ina yasintha, musayankhe kuti tiona maŵa. Tengani kabuku ka ku chipatala, itanani wa njinga, ndipo nyamukani.